Za Mabuku Amene Mwana Ayenera Kuwerenga

Mwana akaphunzira malembo onse, nadziwa kuwalumikiza kuti atuluke mawu, afanana ndi munthu amene wapatsidwa khasu latsopano. Khasulo n'labwino, koma khasu si chakudya ayi. Likangokhala pakhonde lichita dzimbiri, ndipo mwini wake agona ndi njala monga mnzake wopanda khasu. Alipo ana ambiri odziwa kuwerenga amene sawerenga kanthu kena koposa mawu amene mphunzitsi alemba pa bolodi. Otere akasiya sukulu, pakangopita zaka zowerengeka malembo awathawa. Ndipo tsiku limene kalata ifika pakhomo pawo aitana mwana wa mnansi kuti adzawawerengere, ndipo zinsinsi za m'kalatamo zimveka mudzi wonse.

Tsono mwana amene afuna kulima ndi khasu lake afunsa kuti, Ndiwerenge chiyani? Funsoli n'loyenera, pakuti mabuku a pa dziko lapansi ndi ochuluka ndithu, ndipo munthu sangawathe onse angakhale atakhala ndi moyo zaka mazana awiri. Ena ndi ufa woyera, ena ndi madeya okhaokha.

Mabuku ali a mitundu iwiri yaikulu. Mtundu woyamba ndiwo mabuku a nkhani zopeka, ndizo nkhani zimene mlembi anaziumba mumtima mwake, za anthu amene sanabadwe konse. Mtundu wachiwiri ndiwo mabuku a zinthu zoona: mbiri ya mitundu ya anthu, moyo wa munthu wina amene anakhaladi, maiko, nyama, matenda, nyenyezi ndi makina. Pa mitundu iwiriyi anthu atsutsana. Akulu ena akaona mwana ali ndi buku la nthano amdzudzula, nati, Bodza ndi bodza, lingakhale lasindikizidwa. Nyamuka ukatole nkhuni. Ana enanso akatsegula buku la zoona, napezamo manambala ndi zojambula za mawaya, alitseka msanga, nati, Iyi ndi nsima yopanda ndiwo. Onsewa alakwa, ndipo kulakwa kwawo kuoneka bwino munthu akatenga mabuku enieni, nawayang'ana limodzilimodzi.

Buku loyenera kuyamba nalo ndilo Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Josia Ntara. A Ntara anabadwa m'chaka cha 1905, ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya ku Nkhoma. Masiku amenewo bungwe lina la ku London, losamala za zinenero za mu Africa, linaitana eni dziko kuti apikisane polemba mabuku, aliyense m'chinenero cha kwawo. A Ntara anatumiza nkhani yawo, nalandira nayo mphotho. Bukulo linasindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira a T. Cullen Young, amene anagwirapo ntchito pa mishoni ya Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi, nalitcha Man of Africa. Chotero nkhani imene inalembedwa m'Chinyanja ndi mphunzitsi wa zaka zosakwana 30 inawerengedwa kutsidya la nyanja yamchere.

Bukuli litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake kufikira imfa yake, ndipo m'njiramo wowerenga aona miyambo ya m'mudzi wa Achewa monga inali masiku aja: ya pobadwa mwana, ya ukwati, ya maliro, ndi ya milandu ya pabwalo. Nthondo sanali mwana wabwino. Anali wosamvera ndi wakuba, wosautsa abale ake. Anachoka kwawo kunka kutali kukafuna ntchito, monga anachita anyamata ambiri a nthawi ija. Pambuyo pake anabwerera, nakhala nyakwawa ya mudzi, natembenuka mtima. Kunena zoona, masamba amene Nthondo ali woipa akoma koposa masamba amene ali wolungama, pakuti mlembi anadziwa bwino m'mene aganizira mnyamata wopulupudza, ndi m'mene adzinyengera yekha kuti sadzagwidwa.

Koma Nthondo sanakhaleko. Palibe mudzi umene ungaloze manda ake, palibenso munthu amene anganene kuti, Ine ndine mdzukulu wa Nthondo. Kodi tsono a Ntara ananama? Iyayi. Bodza ndiwo mawu onenedwa kuti wina anyengedwe. Nthano sinyenga munthu, pakuti wonena ndi womva apangana poyamba. Madzulo agogo akati, Padangokhala, ana onse avomera kuti, Tili tonse. Ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene akhulupirira kuti kalulu analankhuladi ndi njovu. Koma mwana aliyense adziwa munthu wina wochenjera ngati kalulu, ndi wina wosusuka ngati fisi. Momwemonso mudzi uliwonse uli ndi Nthondo wake. Mwana amene wawerenga bukuli waona kumene njira ya kuba ithera, mapazi ake asanaipondeko, ndipo wamvanso chisoni cha makolo a mwana wakuba, chimene wakubayo sachiona kawirikawiri.

Mlembi yemweyo analemba buku lina, dzina lake Msyamboza. Poliona kunja lifanana ndi Nthondo, pakuti nalonso linena za moyo wa nyakwawa. Koma Msyamboza anakhaladi. Anali mwini mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, munthu wokonda kuyesa zatsopano pa ulimi ndi pa malonda, amenenso analandira sukulu m'mudzi mwake. Polemba Nthondo mlembi anali mfulu: akadafuna kuti Nthondo agwidwe ndi ng'ona, akadagwidwa. Polemba Msyamboza analibe ufulu wotere. Anayenera kufunsa anthu amene anamdziwa munthuyo, ndi kulemba zimene zinachitika, zingakhale zina zosakometsa nkhani.

Ndi bwino kuwerenga mabuku awiriwa motsatana, pakuti aphunzitsa mwana mafunso awiri osiyana. Ali ndi buku lopeka m'manja, mwana afunse kuti, Kodi anthu amachitadi chotere? Mlembi akachititsa munthu waulesi kusanduka wakhama usiku umodzi wopanda chifukwa, bukulo n'lofooka, lingakhale lili ndi chikuto chokongola. Koma ali ndi buku la zoona, mwana afunse funso lina, lakuti, Kodi mlembi anazidziwa bwanji zimenezi? Anaziona yekha, kapena anazimva, ndipo anazimva kwa yani?

Funso lachiwirili lifunika kwambiri powerenga Mbiri ya Achewa, buku linanso la a Ntara, la m'zaka za m'ma 1940. M'menemo muli nkhani za makolo ochokera kumpoto, za mafuko a Phiri ndi Banda, za Kalonga, za Undi amene anapatukira kumadzulo, ndi za mafumu ena monga Mkanda ndi Mwase. Zinthu izi zinachitika kalekale, kusanakhale munthu wolemba m'dziko lino, ndipo mlembi anazitola m'kamwa mwa nkhalamba. Tsono nkhalamba sizikumbukira mofanana. Ya mudzi uwu ikuza mfumu yake, ya mudzi uwo ikuzanso yake. Chifukwa chake mwana akawerengera agogo ake bukuli, asadabwe agogowo akapukusa mutu, nati, Apo sanalembe bwino, ife tinamva mwina. Pamenepo asatseke buku, asatsekenso makutu. Afunse kuti iwo anamva bwanji, ndipo ngati ali ndi pensulo alembe, pakuti ndi momwe mabuku a mbiri ayambira. Ana a kuchigwa cha Shire ali nalo buku lawolawo la mtundu womwewo, Mbiri ya Amang'anja, lolembedwa ndi a E. W. Chafulumira.

Pa mabuku opeka a m'Chichewa, limene ligwira mtima msanga ndilo Sikusinja ndi Gwenembe, la a John Gwengwe, la m'zaka za m'ma 1960. Nkhani yake inachokera ku nthano ya pamoto. Anyamata awiri apachibale apita kutali kukagwira ntchito. Wina asunga chuma, wina amwaza chake. Ndipo pobwerera wopanda kanthuyo apha mnzake m'njira, poyesa kuti palibe wamuona. Koma mbalame inaona, ndipo imtsata kumka kumudzi, ikuyimba zimene iye anachita. Ana ang'ono aikonda nkhaniyi chifukwa cha mbalame. Okulirapo aona kuti chimene chimtsata munthuyo si mbalame yokha. A Gwengwe analembanso Kukula ndi Mwambo, buku lofotokoza makhalidwe amene mwana wa Achewa anaphunzitsidwa pokula. Limeneli si lothamangira ayi, koma lifotokoza zifukwa za miyambo ina imene ana angoichita osadziwa tanthauzo lake.

Alipo mabuku ena osayenera kudyedwa tsiku limodzi. Nzeru za Kale, la a Kumakanga, ndi nkhokwe ya miyambi. Munthu akafuna kulitha usiku umodzi sadzakumbukira kanthu m'mawa. Miyambi iwiri pa tsiku yakwana, ndipo mwana ayese kuitchula pamalo poyenera, akulu akumva. Ntchito ya Pakamwa, la a E. J. Chadza, ndi buku la ndakatulo, ndipo dzina lake lomwe linena kuti lifuna kuwerengedwa mokweza.

Ena a mabuku awa asowa m'masitolo. Koma mwana wofunsa awapeza: kwa mphunzitsi wake, m'kabati ya sukulu, kapena pansi pa bokosi la agogo ena amene anaphunzira kale. Wobwereka buku lotere adziwe kuti wanyamula chinthu chimene sichingagulidwenso mawa. Adani a buku ndi chiswe, mphemvu, makoswe, denga lodontha, ndi manja amene angochoka m'mbale ya ndiwo. Alikutire ndi pepala, asapinde masamba, aliike pamwamba pamene mwana wokwawa safika, ndipo alibweze pa tsiku limene analonjeza, pakuti mwini buku akapsa mtima kamodzi, ana onse a m'mudzimo amanidwa.

Mwana akafika m'makalasi apamwamba, nayamba kumva Chingerezi, khomo lina limtsegukira. Asayambe ndi mabuku aakulu. Chike and the River, limene Chinua Achebe wa ku Nigeria analembera ana, nilituluka m'chaka cha 1966, n'lalifupi ndi la mawu osavuta. Linena za mnyamata wochokera kumudzi amene apita kukakhala ndi mbale wake mumzinda wa Onitsha, nalakalaka kuoloka mtsinje waukulu wa Niger pa bwato, koma alibe ndalama yolipira. Mwana aliyense amene anaimapo padoko, kapena pamsewu poima mabasi, ali ndi thumba lopanda kanthu, adzamva msanga.

Buku lina lakale ndilo Robinson Crusoe, lolembedwa ndi Daniel Defoe wa ku England m'chaka cha 1719. Ndi nkhani ya munthu amene chombo chake chinasweka, natsala yekha pa chisumbu zaka 28. Anadzimangira pogona, naweta mbuzi, nabzala mbewu zochepa zimene anapulumutsa, naumba miphika, nalephera kangapo asanakhoze. Nkhaniyi njopeka, koma inaphuka pa chitsa cha zoona: analipo wamalinyero wina, Alexander Selkirk, amene anakhala yekha pa chisumbu cha kufupi ndi dziko la Chile zaka zinayi ndi miyezi inayi, kufikira chombo chinamtola m'chaka cha 1709. Bukulo lonse n'lalitali, ndipo Chingerezi chake n'chakale. Alipo ena ofupikitsidwa, oyenera ana. Powerenga, mwana aone ichinso: ulendo umene Crusoe anasweka nawo unali wokagula akapolo ku Africa, ndipo pamene anapulumutsa munthu wina pa chisumbupo sanamfunse dzina lake, koma anangomutcha dzina la tsiku, namuyesa wantchito wake. Munthu akhoza kukondwera ndi buku, natsutsana nalo pena ndi pena.

Akulu aja amene ati nkhani zopeka zilibe ntchito ayenera kumva za Legson Kayira. Koma poyamba pafunika kunena za buku limene iye ananyamula.

John Bunyan anali munthu wa ku England, wokonza mapoto ndi maketulo, wosaphunzira kwambiri. Anamangidwa m'ndende ya ku Bedford zaka 12 chifukwa cha kulalikira wopanda chilolezo cha boma. Iyeyu analemba buku limene m'Chingerezi litchedwa The Pilgrim's Progress, ndipo m'Chinyanja Ulendo wa Mkhristu. Linatuluka m'chaka cha 1678, ndipo lamasuliridwa m'zinenero zoposa 200. Linalembedwa monga loto. Munthu achoka kwawo ali ndi katundu wolemera kumsana, anansi akumseka ndi kumuitana kuti abwerere. Amira m'thope, akwera phiri lovuta, apyola pa msika wa zinthu zachabe, atsekeredwa m'linga la chimphona. Anzake ena abwerera panjira, ena ayenda naye kufikira kumtsinje wotsiriza.

Legson Kayira anabadwira m'mudzi wosauka wa kumpoto, m'boma limene lero litchedwa Chitipa, naphunzira ku Livingstonia. Kusukulu anawerenga za Abraham Lincoln, amene anabadwira m'kanyumba ka mitengo nakhala mtsogoleri wa dziko la America, ndi za Booker T. Washington, amene anabadwa kapolo nakhala mphunzitsi womveka. Izi ndi nkhani zoona, ndipo zinampatsa maganizo akuti nayenso akaphunzire ku America. Ndalama analibe. Tsono m'mwezi wa Okutobala, 1958, ananyamuka pansi, kulinga ku Cairo, poyesa kuti kumeneko adzapeza chombo. Ananyamula chakudya cha masiku asanu, bulangeti, kankhwangwa, ndi mabuku awiri: Baibulo ndi buku lija la Bunyan.

Chakudyacho chinatha, ndipo anayamba kugwira maganyu m'midzi ya anthu a zinenero zachilendo, kuti apeze chakudya ndi mphamvu zopitira patsogolo. Patapita chaka ndi miyezi itatu anafika ku Kampala, m'dziko la Uganda. Kumeneko analowa m'nyumba ya mabuku, napeza buku louma koposa onse, longondandalika mayina a masukulu a ku America. Anasankhamo dzina limodzi, Skagit Valley College, nalemba kalata. Ndipo yankho linabwera lakuti amlandira. Anapitirira ulendo kufikira ku Khartoum, m'dziko la Sudan, kumene analandira chilolezo cholowera ku America, ndipo ophunzira a sukuluyo pamodzi ndi anthu a mumzinda wawo anasonkha ndalama za ndege. Anafika m'mwezi wa Disembala, 1960, zaka ziwiri chichokere kwawo. Pambuyo pake anaphunziranso ku Cambridge, nalemba mabuku angapo. Anamwalira m'chaka cha 2012.

Pa ulendo umenewu mitundu yonse ya mabuku inagwira ntchito. Mbiri za anthu zinamuutsa, buku la mayina linamlozera khomo. Koma buku la mayina silingatonthoze munthu wodwala m'dziko la eni, mapazi atatupa, ali yekha usiku. Sikovuta kuona chifukwa chake mnyamata wa katundu wochepa chotero anapezera malo nkhani ya munthu woyenda pansi amene anakana kubwerera. Ulendo wonsewu anaulemba m'buku lotchedwa I Will Try, la m'chaka cha 1965; dzinalo ndiwo mawu amene sukulu yake inali kuyendera, ndipo tanthauzo lake ndilo lakuti, Ndidzayesa. Mwana wa m'kalasi lomaliza akhoza kuliwerenga, mphunzitsi akumthandiza pa mawu ovuta.

Ana aja amene ati mabuku a zoona ndi nsima yopanda ndiwo amvenso za William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Iye anabadwa m'chaka cha 1987. M'chaka cha 2001 mbewu sizinachite bwino, ndipo njala yaikulu inagwa m'dziko kufikira m'chaka cha 2002. Kwawo kwa William anayamba kudya kamodzi pa tsiku. Atate ake analephera kulipira ndalama za sukulu ya sekondale, ndipo mnyamatayo anachotsedwa, ali ndi zaka 14.

Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kachipinda ka mabuku, ndipo William, poopa kutsalira m'mbuyo mwa anzake, anayamba kupitako. Mabuku amene anamkoka anali a sayansi, olembedwa m'Chingerezi chimene iye sanachidziwe bwino. Njira imene anawerengera ndi yoyenera kuti mwana aliyense aidziwe. Anayamba ndi chojambula. Akaona chojambula cha waya ndi batire, anayang'ana nambala kapena mawu olembedwa pambali pake, nafunafuna mawu omwewo m'kati mwa tsamba, nawerenga mizere yozungulira pamenepo. Mawu akamkanika anafunsa wosunga mabuku, kapena kutsegula dikishonale, ndilo buku lomasulira mawu. Chotero chojambula chinamasulira mawu, ndipo mawu anamasulira chojambula. Kuwerenga kotere n'kochedwa. Tsamba limodzi likhoza kudya tsiku lathunthu.

Kalekale William anali kudabwa ndi dayinamo, kachitsulo kaja kooneka ngati kabotolo kamene kakhudza tayala la njinga ndi kuyatsa nyali. Buku lina, Explaining Physics, linamuuza za m'kati mwake. Muli maginito, ndi waya wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri. Tayala likazungulira lizunguza maginitowo, ndipo maginito akazungulira pafupi ndi waya, magetsi ayenda m'wayamo. Tayala likaima, nyali izima. Chofunika tsono ndi chinthu chozunguza kosaleka. Koma munthu sangapalase njinga usiku wonse.

Tsiku lina, pofuna dikishonale pa shelefu ya pansi, anaona buku lina lokankhidwira m'kati, lobisika ndi anzake. Dzina lake linali Using Energy, ndipo pachikuto pake panali chithunzi cha mizati italiitali yokhala ndi mapiko ozungulira ndi mphepo. M'kati munalembedwa kuti makina otere apanga magetsi, ndiponso akhoza kukoka madzi pansi. Mnyamata amene anaona njala anamva mawu a madziwo koposa mwana wa ku America amene bukulo linamlembedwera. Pakuti madzi a m'chilimwe ndiwo kukolola kawiri pa chaka. Ndipo chinthu chija chozunguza kosaleka chinapezeka: mphepo ya ku Kasungu siilipiritsa munthu.

Bukulo silinanene kamangidwe kake ayi. Linangoonetsa kuti chinthucho chilipo, ndipo chitheka. Zotsalazo William anaziganiza yekha. Anatola zitsulo zotayidwa pa dzala la esiteti yakale ya fodya: chopemerera cha thalakitala, ndi zina zotere. Mapiko anawapanga ndi mapaipi apulasitiki, powang'amba, kuwawamba pamoto ndi kuwaphwatalitsa. Atate ake anamlola kutenga njinga yawo yakufa, ndipo mnzake wina anamgulira dayinamo. Anthu pomuona akufukula zinyalala anati wachita misala, ena anati asuta chamba. Pomaliza iye ndi anzake anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, yotalika ngati mamita asanu, nakwezapo makinawo. Anthu anasonkhana kudzaseka. Mphepo inaomba, mapiko anazungulira, ndipo babu limene linali m'dzanja la mnyamatayo linayaka.

Pambuyo pake anakokera waya m'nyumba, nayatsa mababu anayi ndi mawailesi. M'chaka cha 2006 nyuzipepala inalemba za iye. M'chaka cha 2007 anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo anthu anamthandiza kubwerera kusukulu. Anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College, ku America, m'chaka cha 2014. Nkhani yake anailemba pamodzi ndi Bryan Mealer m'buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndiko kunena kuti mnyamata amene anagwiritsa mphepo ntchito. Linatuluka m'chaka cha 2009, ndipo lilipo lina lofupikitsidwa, lolembedwera ana. Masamba onena za njala ndi owawa, ndipo mwana wa mtima wofewa achita bwino kuwawerenga pamodzi ndi wamkulu. Koma wowerenga asawalumphe, pakuti wowalumpha sadzamvetsa chifukwa chake mnyamata anapirira kusekedwa miyezi yonse ija.

M'chaka cha 2019 nkhaniyi inasanduka kanema, wojambulidwa ku Kasungu komweko, ndipo mawu ambiri a m'menemo ali m'Chichewa. Ana ambiri aiona pa kanema asanaone buku lake. Kachipinda kaja ka pa Wimbe sikanali kakakulu: mabuku onse amene William anawapeza m'menemo anakwana pa mashelefu atatu.